Kudzimana ndi kudzipepesa: kodi zingakhale m'thumba limodzi?

Kusamala ndalama ndi luso limene mabanja ambiri m'Malawi muno sachita kuliphunzira m'kalasi. Amaliphunzira pamsika, kuchigayo ndi pamaso pa mwini nyumba mwezi ukatha. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Chaka chotsatiracho mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, koma chimanga, sopo, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinali zitakwera kale. Zinthu zikafika pamenepa, malangizo amene amamveka paliponse, kutchalitchi, pawailesi ndi pakamwa pa akuluakulu, ndi akuti munthu asiye zonse zosafunikira kufikira zinthu zitakhala bwino.

Malangizowa ndi oona, koma ali ndi mbali imene sakamba. Kwa anthu ambiri nthawi imene zinthu zidzakhale bwino siidziwika, ndipo palibe amene angadzimane moyo wake wonse osapumako. N'chifukwa chake funso lenileni n'lakuti: kodi munthu wosamala ndalama angathe kusiya kampata ka zinthu zomusangalatsa iye mwini, monga chambo kamodzi pamwezi, mafuta onunkhira, mpira wa pa kanema kapena nsalu yatsopano, popanda kugwetsa zimene akumanga?

Malire amene sakhala malo amodzi

Vuto loyamba ndi kusiyanitsa chofunikira ndi chongosangalatsa. Ambiri amaganiza kuti malirewo ndi odziwikiratu, koma amasuntha malinga ndi nthawi ndi malo. Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1776 lotchedwa The Wealth of Nations. Iye anati zofunikira si zokhazo zimene zimasunga moyo, koma ndi zonse zimene munthu, ngakhale wosaukitsitsa, angachite manyazi kuoneka pagulu alibe. Chitsanzo chake chinali nsapato zachikopa. Ku England nthawi imeneyo mwamuna ndi mkazi yemwe sakanayenda opanda nsapato, ku Scotland akazi osauka ankayenda osavala nsapato popanda wowaseka, pamene ku France zinalibe kanthu kwa onse.

Kuno kwathu chitsanzo chooneka bwino ndi foni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 foni yam'manja inali ya mabwana, ndipo woiika patsogolo ankaoneka wodzionetsera. Lero mayi wogulitsa tomato ku Mchesi kapena ku Ndirande amaoda katundu pafoni, amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo uthenga wa maliro a kumudzi umamupeza pomwepo. Wakabaza wopanda foni amaphonya makasitomala. Shuga naye anayenda ulendo womwewo: kale unali wa alendo ndi odwala, lero tiyi wopanda shuga ndi chizindikiro chakuti pakhomo pavuta. Chimodzimodzi yunifolomu ya chigwirizano kapena ya kwaya. Thupi silidya yunifolomu, komabe mayi amene alibe amakhala kumbuyo pamene anzake akuimba, ndipo anzakewo ndi amene adzamuphikire tsiku la zovuta.

Choncho woona kunja sangadziwe msanga chimene chili chamanyado m'nyumba ya wina. Zina zimene zimaoneka ngati kusakaza ndi mtengo umene munthu amalipira kuti akhalebe mmodzi wa anthu.

Chifukwa chake osauka amagula zokoma

Pali chizolowezi chodzudzula munthu wosauka akagula chinthu chabwino. Akagula botolo la Fanta, ena amati n'chifukwa chake salemera. Kudzudzula kumeneku n'kwakale ndipo si kwa kuno kokha. Mu 1936 George Orwell anakakhala pakati pa anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha kumpoto kwa England, ambiri a iwo atachotsedwa ntchito, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku la 1937 la The Road to Wigan Pier. Akatswiri a zakudya a nthawiyo ankadabwa kuti mabanja olandira kathandizo kochepa ka boma ankagula buledi woyera, majarini, tiyi wa shuga wambiri ndi tchipisi m'malo mwa zakudya zopatsa thanzi zotchipa. Orwell anaona kuti munthu wanjala, wotopa ndi wopanda chiyembekezo ndi amene amafunitsitsa kanthu kokoma pakamwa, chifukwa n'kokhako kamene kangamusangalatse tsiku limenelo.

Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2019 pamodzi ndi Michael Kremer, anapeza zofananazo m'maiko ambiri. M'buku lawo la 2011, Poor Economics, akusimba za bambo wina wa m'mudzi wa ku Morocco amene ankadandaula kuti chakudya sichikwana pakhomo, koma m'nyumba mwake munali kanema ndi dishi. Atamufunsa, anayankha kuti kwa iye kanemayo anali wofunika kuposa chakudya. Anali atasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule. M'mudzi mopanda ntchito yokhazikika ndi malo osangalalira, masiku amatalika, ndipo munthu amafuna chomudikiritsa mawa.

Pali mantha enanso akuti wosauka akapatsidwa ndalama m'manja amathamangira kumowa. Mu 2014 David Evans ndi Anna Popova a ku World Bank anasonkhanitsa kafukufuku wa mapologalamu opereka ndalama kwa osauka mu Africa, Asia ndi Latin America. Anapeza kuti ndalama zogulira mowa ndi fodya sizinakwere, ndipo m'malo ambiri zinatsika. Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lino, kumene pologalamu yotere ya Mtukula Pakhomo inayamba m'boma la Mchinji mu 2006. Anthu ambiri osauka amawerengera ndalama mwaluso kuposa amene amawadzudzula, pakuti kwa iwo kulakwitsa kamodzi ndiko kugona ndi njala.

Kudzimana kopitirira kumaphulika

Zimene zimachitika munthu akadzimana nthawi yaitali popanda popumira zimaoneka bwino pa mlimi wa fodya. Iye amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amaokera mvula ikagwa, ndipo Januwale ndi Febuluwale amamupeza akuthyola ndi kusoka fodya nkhokwe ili pululu. Kwa miyezi yonseyi sagwira ndalama yooneka. Ndiwo ndi nkhwani ndi therere, sopo ndi wangongole. Kenaka msika umatsegulidwa cha mu Epulo ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo ndalama za chaka chonse zimabwera tsiku limodzi. M'matauni ang'onoang'ono a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji nyengo imeneyi imadziwika ndi aliyense: ogulitsa mawailesi, matiresi ndi njinga amakweza mitengo, malo omwera amadzaza masana, ndipo pamakhala ena amene amabwerera kumudzi patatha sabata ali ndi jekete yatsopano koma m'thumba mulibe ya feteleza. Si alimi onse amene amatero, ndipo ambiri amagula malata ndi kulipira fizi. Koma amene amagwa sagwa chifukwa cha uchitsiru wokha. Njala ya miyezi isanu ndi itatu ya zonse zokoma imafuna kubwezedwa nthawi imodzi.

Mu 2009 ofufuza anayi, Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anachita kafukufuku pakati pa alimi a fodya oposa 3,000 m'chigawo chapakati. Ena anapatsidwa mwayi woti ndalama za fodya zizilowa mwachindunji mu akaunti yawo ya kubanki m'malo mozilandira m'manja. Ngakhale ambiri anakatapa gawo lalikulu la ndalamazo pasanapite nthawi, amene anapatsidwa mwayiwu anafika nyengo yodzala ali ndi ndalama zochulukirapo, anagula zipangizo zambiri zaulimi, ndipo anakolola zochuluka chaka chotsatira kuposa anzawo. Palibe amene anawaletsa kusangalala. Chimene chinasintha ndi chakuti ndalama sizinafike zonse m'thumba pa tsiku la chisangalalo.

Wapantchito ya pamwezi amadwala matenda omwewo mwapang'ono. Sabata yoyamba atalandira, pakhomo pamanunkhira nyama. Pofika pa 15 ndi usipa, pa 22 ndi bonya kapena soya pisi, ndipo pa 26 wayamba kuyenda wapansi kupita kuntchito. Akalandiranso amamva kuti wavutika mokwanira ndipo ayenera kudzipepesa, ndiye gudumu limazunguliranso. Munthu amene anakonzeratu kuti nkhuku idzadyedwa Lamlungu lachiwiri ndi lachinayi la mwezi amawononga zochepa kuposa uyu, ndipo amadya bwino kuposa iye.

Kugawa ndalama isanafike m'manja

M'mabuku a ku America muli lamulo lotchuka la 50/30/20, limene Elizabeth Warren ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi analifalitsa mu 2005: theka la malipiro lipite ku zofunikira, 30 peresenti ku zokhumba za mtima, 20 peresenti isungidwe. Kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu kapena mlonda wa ku Area 47 manambalawa ndi nthano. Ernst Engel wa ku Germany anaonetsa kale mu 1857 kuti banja likamasauka, gawo la ndalama zopita ku chakudya limakula. Kuno mabanja ambiri amathera ndalama zoposa theka pa chakudya chokha, lendi, makala ndi fizi zisanawerengedwe. Amene amatsatira malipoti a Centre for Social Concern a mtengo wa zofunika pabanja la m'tauni amadziwa kuti mtengowo umaposa kutali malipiro otsikitsitsa.

Chotengapo pa lamuloli ndi mfundo yake, yoti chisangalalo chikhale ndi thumba lakelake, laling'ono koma lodziwika, ndipo kukula kwake kugamulidwe ndalama isanafike. Richard Thaler, amene analandira Nobel mu 2017, anaonetsa kuti anthu sasamala ndalama zonse mofanana: ndalama imene yapatsidwa dzina imavuta kuiwononga pa china. Amayi a kumudzi anazidziwa izi kalekale. Ya chigayo imamangidwa pakona ina ya chitenje, ya chopereka pakona ina, ndipo mbuzi ya fizi siphedwa ngakhale kubwere alendo.

Dongosolo lake n'losavuta kulinena. Choyamba ndi ufa, denga, sukulu ndi mankhwala. Chachiwiri ndi chosunga, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, ndipo m'dziko limene ambiri alibe inshulansi, matenda amodzi amatha kugulitsitsa munda. Ogwira ntchito zolembedwa amathandizidwako ndi dongosolo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, lodula 5 peresenti kwa wantchito ndi 10 peresenti kwa womulemba, koma anthu ambiri m'dziko muno sali pa ntchito zotere. Chachitatu ndicho kathumba kodzipepesera. Kangakhale K3,000 kapena K30,000 malinga ndi mapezedwe. Chachikulu n'chakuti kakatha katha, ndipo mwini wake akakagwiritsa ntchito asadziimbe mlandu.

Banki m'khonde ndi chiperegani zimagwira ntchito imeneyi bwino kwambiri. Njira ya banki m'khonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero yafika m'midzi yambiri ya kuno ndi m'maofesi momwe. Membala amaponya masheya sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, amakongola akafuna, ndipo pakutha pa chaka, kawirikawiri mu Disembala, onse amagawana. Tsiku logawana limakhala ndi yunifolomu, mpunga, nkhuku ndi nyimbo. Ena amaona ngati kumeneku n'kuwononga, komatu chikondwererocho ndi chimodzi mwa zimene zimapangitsa mayi kupirira kuponya miyezi khumi ndi iwiri. Ngozi ili pa tsikulo lokha: Disembala ndi mwezi wa Khirisimasi, ndipo Januwale, mwezi wa fizi, feteleza wobereketsa ndi chimanga chokwera mtengo, amakhala ali pakhomo.

Pali chinthu chinanso chimene mabuku akunja satchula kawirikawiri. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, ndalama yobisidwa pansi pa matiresi imafota. K100,000 ya chaka chino imagula zinthu za pafupifupi K77,000 chaka chamawa. Choncho kusamala ndalama kuno nthawi zambiri kumakhala kuisandutsa chinthu: matumba a chimanga ogulidwa mu Meyi ndi Juni chikadali chotchipa, malata, njerwa, mbuzi. Ngakhale pa zosangalatsa mfundoyi imagwira. Nsapato zolimba zimene munthu wakhala akuzisirira, zogulidwa lero ndi ndalama yake, sizikhala kusakaza ngati adzazivala zaka zitatu.

Mmene ndalama imathawiradi

Munthu akaunika bwino mabanja amene ndalama sizikhalitsa, amapeza kuti chambo cha kamodzi pamwezi sichikhala wolakwa wamkulu. Zibowo zenizeni zili pena.

Chimodzi ndi kugula pang'onopang'ono. Wosauka amagula ufa wa wokumani, mafuta a m'katchubu, shuga wa pasipuni ndi makala a m'kajumbo, ndipo pakutha pa mwezi walipira zambiri kuposa amene anagula thumba lathunthu. Nthawi zambiri sachitira dala, chifukwa ndalama imabwera pang'onopang'ono. Komabe mabanja awiri kapena atatu oyandikana akasonkherana n'kuoda limodzi, zimene amapulumutsa zimakwana kugula nkhuku ija imene ankaiona ngati yosatheka.

China ndi timadontho ta tsiku ndi tsiku timene sitisangalatsanso. K1,000 patsiku ndi K30,000 pamwezi, K365,000 pachaka. Ikhoza kukhala ya tchipisi ta pachiwaya, ya bandulo imene imathera pa mavidiyo osakumbukika, kapena yobetcha pa mpira. Kubetcha n'koopsa kuposa zonse chifukwa kumavala nkhope ya geni: wobetcha samadziona ngati akusangalala, amati akufuna ndalama, motero sadziikira malire. Chinthu chimene chimagulidwa tsiku lililonse chimasiya kukoma, koma mtengo wake sutsika.

Chachikulu koposa ndi chisangalalo cha ngongole. Wakatapila akabwereketsa K20,000 amafuna K30,000 kapena kuposa mwezi ukatha, ndipo ena amasunga khadi la kubanki la wokongola. Ngakhale ku banki m'khonde chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi n'chopepuka kwa wochita geni yoyenda msanga, koma n'cholemera kwa wokongola kuti agule suti ya paukwati wa mnzake. Apa ndi pamene pali malire osakambirana. Chosangalatsa chogulidwa ndi ndalama yosungidwa chimatha tsiku lomwelo, pamene chogulidwa pa ngongole chimadya malipiro a miyezi ingapo yakutsogolo.

Ngongole zambiri zotere sizitengedwa kuti munthu asangalale yekha, koma kuti anthu aone. Ukwati wa masiku ano m'tauni umabwera ndi mndandanda wautali: chinkhoswe cha mu holo, bridal shower, nsalu ya yunifolomu pa mwambo uliwonse, ndi perekaniperekani woitana gulu ndi gulu mpaka madzulo. Woitanidwa amasintha ndalama kukhala zing'onozing'ono kuti aponye nthawi yaitali. Kuthandiza abale ndi anansi ndi mwambo wabwino umene umagwira ntchito ya inshulansi m'dziko lino, ndipo wokana kupereka pa maliro adzaona yekha tsiku lake. Koma kuthandiza n'kosiyana ndi kupikisana. Munthu amene wasoketsa zovala zitatu m'chaka chimodzi chifukwa choopa kunenedwa, chonsecho sanadzigulire buku kapena nsomba imene amailakalaka, wawononga ndalama zambiri ndipo sanadzipepese n'komwe.

Kathumbako n'ka yani?

M'mabanja ambiri funso lovuta si lakuti chisangalalo chikhalepo kapena ayi, koma kuti n'cha yani. Si zachilendo kupeza bambo amene amawerengera mkazi wake ndalama ya tomato mpaka K50 yomaliza, koma Loweruka amakhala pa bawo ndi Chibuku kapena pa bala akuonera Bullets ndi Wanderers, ndipo zimenezo sazilemba pa bajeti. Mayi akapempha ya saluni amauzidwa kuti zinthu zavuta. Zotsatira zake n'zodziwika: mayi amayamba kubisa, kudula pa ndiwo kapena kulowa banki m'khonde yachinsinsi, ndipo bajeti ya banja imasanduka bodza limene onse awiri akulidziwa. Pamene aliyense ali ndi kagawo kake kodziwika, kosafunsidwa mafunso, mikangano ya ndalama imachepa, ndipo zotsalazo zimasamalidwa ndi anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Ana nawonso ali m'nkhaniyi. Mwana amene amadziwa kuti pa Khirisimasi kudzakhala mpunga wa Kilombero, nkhuku ndi chovala chatsopano, ngakhale cha pakaunjika, amaphunzira kudikira. Wokanizidwa zonse nthawi zonse amangophunzira kuti ndalama ndi chinthu chowawa, ndipo tsiku limene adzaigwire yekha adzachita za mlimi wa fodya uja.

Palinso kusiyana pakati pa kusamala ndi kuumira. Woumira amasunga ndalama mwana akutentha thupi, amalola denga kudontha zaka zitatu, ndipo amadyetsa banja nsima ya mchere ndalama ili m'thumba. Zimene wapulumutsa amadzazilipira kuchipatala. Wosamala amadziwa chimene akusungira, ndipo amatha kunena kuti pa ichi sindiwononga, koma pa ichi ndiwononga mosangalala. Wina savutika kuvala za pakaunjika moyo wake wonse bola amwe tiyi wa mkaka m'mawa uliwonse. Wina amayenda wapansi kuchoka ku Kawale kupita m'tauni kuti kumapeto kwa chaka atengere ana ku Senga Bay akaone nyanja. Onsewa asankha chinthu chimodzi kapena ziwiri n'kusiya zina zonse, ndipo ndi kusiyako kumene kumalipira chosankhidwacho.

Kunena zoona, alipo mabanja amene funsoli siliwakhudza, makamaka pakati pa Januwale ndi Malichi, pamene ndalama ya ganyu imathera pa chakudya cha tsiku lomwelo. Kwa iwo palibe chogawa, ndipo kuwaphunzitsa bajeti n'kuwanyoza. Koma banja limene limatsala ndi kenakake ufa, lendi ndi fizi zikalipidwa lili ndi mpata wa chosangalatsa chimodzi, bola chikhale chosankhidwa ndi mwini wake, chogulidwa ndi ndalama yomwe ilipo kale, ndiponso chodziwika kwa onse a m'nyumbamo. Magulu a banki m'khonde amene amagawana mu Disembala angachite bwino kuika padera ya fizi ndi ya feteleza tsiku lomwelo, mpunga usanaphikidwe.